Mbuzi Yokongola Pakati pa Msewu

Lolemba

Lero ndi tsiku lonyamuka. Dzuwa lapendeka, tikadali pakhomo.

Chinyumba choyenda chaima pansi pa mtengo wa mapeyala, chotsukidwa mpaka matayala. A Tembo, amuna anga, akuchitcha kampa. Ine ndikungoona minibasi yakale ija abwana awo anawasiyira powapumitsa ntchito. Azula mipando yonse ya kumbuyo, aikamo bedi, kabati, mbaula ndi zigubu za madzi. Makatani ndi zitenje zanga zabwino, zomwe sanandipemphe.

Pulani ndi iyi: kuchoka kuno ku George, komboni yathu ya mu Lusaka, kudutsa tauni, mlatho wa Luangwa, Petauke, kwathu ku Katete, Chipata, mpaka ku Mfuwe kukaona njovu. Kuphika m'njira, kugona m'galimoto momwemo, monga ankachitira azungu ena omwe a Tembo anawaona pomwetsera mafuta zaka zapitazo, osawaiwalanso. Njovuzo anandilonjeza akundifunsira. Imvi zachita kundimera ndikudikira.

Cholakwa chathu: dzulo kutchalitchi tinapempha abusa atipempherere za ulendo. Abusa athu akamapemphera sasiya kanthu. Anatchula tauni iliyonse ya m'njira, ngati kuti Mulungu sadziwa njira ya ku Chipata. Ndipo mumpingo mwathu aliyense ali ndi m'bale m'njira imeneyo.

Zomwe zafika kuyambira m'mawa, chilichonse ndi mawu akuti "ka katundu kang'ono chabe, ba Tembo":

- shuga ndi mafuta ophikira, za ku Nyimba
- belo la salaula, zovala za kaunjika, la ku Sinda
- njinga yopanda tayala lakutsogolo
- chitseko, chitseko chenicheni cha nyumba, cha ku Katete
- keke ya ukwati ya a Mwanza, m'makatoni atatu, yoti ifike ku Petauke Loweruka lisanakwane

Kukana sitingathe. Anthu omwewa ndi amene adzatinyamule ife tsiku lina.

Pomaliza kulongedza, nthawi yatha. A Tembo ati ulendo wautali sayamba masana. Ndavomera msanga kuposa mmene ndinavomerera ukwati.

Ndilembe pano, chifukwa pakamwa sizikutuluka. Maso a amuna anga akutha. M'mawa uno athira tiyi pambali pa kapu, n'kunena kuti tebulo ndi lopendekeka. Sabata yatha anapatsa moni chigubu chachikulu cha kwa a Phiri, mpaka kuchifunsa za ana. Ntchito anawapumitsa atagunda wilibala yongodziimira pambali pa msewu. Iwo mpaka lero amati wilibalayo inkayenda.

Tsono njira ya kum'mawa imadutsa pa Manenekela, paja msewu umakhotakhota pamwamba pa maphompho.

Kuwauza? Munthu uyu atasiya chiwongolero anakhala miyezi pampando wa pakhonde, osadya bwino, osameta, osakangana nane n'komwe. Kampayi ndi imene yawadzutsa. Ndikatchula za maso ndiwabwezera pampando paja, ndipo ulendo uno sadzadzukaponso. Ndili ndi mantha ndipo ndikusowa pogwira.

Lero tapulumuka. Za mawa kaya.

Lachiwiri

Talawirira, tavala, tapemphera, injini yalira. Tisanatuluke pageti amake Joyce a nyumba yoyandikana afika akuthamanga, mpango uli m'manja. Mpongozi wawo nthawi yake yakwana. "Ba Tembo, imwe muli na bedi mu motoka, tithandizeni!"

Ndiye ulendo woyamba wa kampa: kukiliniki. Makatoni a keke ali pamiyendo panga kutsogolo. Mtsikana ali pabedi, pa nsalu yatsopano yomwe ine mwiniwake sindinagonepo.

Misewu ya m'George ndi maenje, ana, agalu, mawilibala. A Tembo akuthamanga monga ankachitira masiku awo. Patsogolo mbuzi yagona pakati pa msewu, iwo sakuchepetsa. "Samalani" sindinganene. Kumbuyo kuli anthu, ndipo dalaivala wa zaka zonsezi sauzidwa zochita ndi mkazi wake pamaso pa aneba. Pakamwa pangotuluka kuti, "Onani mbuzi yokongola iyo, pakati penipeni pa msewu!" Aponda mabuleki, ayizungulira. Mbuzi yake ya mphere, nyanga imodzi.

Njira ndaipeza! Pa ulendo wokaona malo palibe amene angaletse mkazi kuyamikira zomwe akuona.

Zina zomwe ndayamikira lero:

- hampu yomangidwa mwaluso kwambiri
- bambo wa njinga ya makala, wakhama zedi, kumanzere, pafupi
- dzenje lozungulira bwino kuposa maenje onse a mu Lusaka

A Tembo nkhope yawala. "Mwaona, amake Tisa? Tikalibe kuchoka mu George, mwayamba kale kukondwa na ulendo."

Mwana wabadwa, wamkazi, wathanzi, mwamwayi m'kati mwa kiliniki osati pabedi langa. Akuti amutcha Ulendo. Komabe matiresi afunika kuchapa. Tsopano ali padenga la kampa, ndipo mitambo yaphimba dzuwa. Ndayang'ana mitamboyo n'kuithokoza chamumtima.

Lachitatu

Matiresi auma. Sindinaonepo matiresi ouma msanga chonchi.

Koma tisanamwe tiyi kulira kwamveka kumunsi kwa mzere wathu. A Banda, akulu aja ankasoka nsapato pafupi ndi pampopi, atisiya. Akhala akudwala kwa nthawi yaitali. Mulungu awalandire. Andikhululukirenso ine, chifukwa choyamba kubwera m'mutu mwanga ndi chakuti kuika maliro kukhala Lachisanu, podikira ana awo a ku Kitwe.

Maliro ali pamzere wako sunganyamuke kukaona njovu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Tembo sanatsutse. Angovula chipewa cha paulendo n'kuvala jekete.

Katundu wa anthu tamutsitsira m'chipinda chathu chochezera. Chitseko chaima patsogolo pa chitseko chathu, polowa m'nyumba ukutsegula kawiri. Keke yokha yatsala m'kampa, pakona pa bedi, chifukwa m'nyumba muli nyerere.

Kampa yalowa ntchito ya pamaliro: mabenchi kutchalitchi, tenti, nkhuni, miphika ikuluikulu. Ulendo uliwonse ine ndili kutsogolo. Amayi anzanga akundiyang'ana cham'mbali. Mkazi wanji wothawa kusenda kabichi pamaliro n'kumangokwera galimoto ndi mwamuna wake? Ndamva amake Joyce akuuza wina kuti, "Chikondi cha mu ukalamba nichoopsa kupambana cha bana." Alankhule, pakamwa ndi pawo.

Ndayamikira ngalande, mulu wa mchenga, ana a sukulu oyenda mwadongosolo, ndi wapolisi wa pamsewu wa yunifolomu yosita bwino. Wapolisiyo wamva, wandigwedezera dzanja.

Miyendo ikuwawa, koma mtima uli pansi. Mpaka Lachisanu palibe za Manenekela.

Lachinayi

Azibambo pamaliro amachezera panja pa moto, ndiwo mwambo. Koma akulu a mpingo atulukira kuti m'kampa muli bedi ndi makatani. Akuti amalowamo mosinthana kukapemphera. Mapemphero ake mkonono unkamveka mpaka pampopi.

Mmodzi mwa opempherawo wakhalira katoni ya keke. Palibe wovomera, ngakhale pali thalauza lina lakuda lomwe lili ndi zoyera kumbuyo. A Mwanza abwera, ayang'ana, apukusa mutu. Atenga makatoni awiri opulumuka kukakwera nawo basi yaikulu. Yophwanyikayo atisiyira: "Iyi sungani, muzadya na njovu zanu."

Eni katundu ena akufunsa ngati zinthu zawo zafika. Akufunsa atakhala pa belo lawo lomwe m'nyumba mwanga! Wa ku Nyimba akuti m'bale wake waima pamsewu kuyambira Lolemba.

Atituma kumsika wa Soweto kukagula kabichi, tomato ndi ufa. Vuto ndi lakuti kampa utoto wake ukadali wa minibasi, ndiye aliyense woima pambali pa msewu akukweza dzanja. Dzanja lokwezedwa a Tembo amaliona ali kutali, kaya ndi maso ati, ndipo phazi limapita lokha pa mabuleki. Pofika m'tauni tili ndi mayi wa nkhuku, anyamata a matumba, ndi bambo wa tayi. Bambo wa tayiyo wasuzumira n'kufunsa, "Iyi basi ilibe mipando? Ninkhale pa bedi na mukazi wa bene?" Wakhalabe. Mnyamata wina wagona tulo, tachita kumudzutsa pasiteshoni.

Pobwerera panalibe choseketsa. Msewu wa Lumumba, malole mbali zonse. Ndatembenuka kugwira kabichi yogubuduka. Pobweza maso, mayi wina ali pamphuno pa galimoto, mwana kumsana, beseni la mango pamutu. Sindinayamikire kanthu, ndangokuwa dzina la Yesu. Mabuleki alira, beseni lagwa, mango mumsewu monse. Mayi ndi mwana sanakhudzidwe. Watitukwana koopsa, ndipo sanalakwe.

A Tembo ayendetsa pang'onopang'ono mpaka kunyumba.

Ndaimbira foni Tisa, mwana wathu wa ku Chilenje. "Mami, bauzeni chabe, ni vinthu va ukalamba." Chabe! Wakwatiwa dzana uyu. Adzaona yekha mmene amauzira mwamuna kuti chinthu chimodzi chomwe amanyadira chamuthera.

Nkhope ya mwana uja kumsana sikuchoka m'maso mwanga.

Lachisanu

Kuika maliro ku Chingwere. Kampa yanyamula amayi a kwaya, ena pabedi, ena pakabati, wina pachigubu. Mdipiti wa magalimoto ukuyenda pang'onopang'ono, ndipo patsogolo pathu pali lole yaikulu yoyera ikuphethira magetsi. A Tembo akungoitsatira. Njira yonse sindinayamikire chilichonse. Ndaimba nawo nyimbo zonse mpaka mawu kusasa, anthu n'kumati maliro a a Banda andikhudza kwambiri. Ulendo wa ku Mfuwe ukanakhala chonchi, kumbuyo kwa lole yoyera, ndikanapita mosangalala.

A Banda tawaika bwino. Nsapato zomwe ndavala ku manda anasoka ndi iwo omwewo, kawiri.

Tabwerako, tasamba m'manja pageti, tadya, anthu abalalika. Tenti yabwezedwa, mabenchi abwezedwa. Matiresi ndi ouma. Woyembekezera wina pamzere wathu palibe, ndafufuza. Odwala onse akupeza bwino. Sindinaonepo George wathanzi chonchi.

A Tembo akweza katundu yense, chitseko achimanga padenga, kukonzekera mawa. "Mailo tinyamuka, amake Tisa, olo kugwe chani. Nakuchedwesani maningi." Akunena akundiyang'ana mwachisoni, ngati munthu wondilakwira.

Zomwe ndaganiza:

- Kubisa makiyi. Ali m'thumba la jekete, jekete ili pathupi.
- Kudwala. Angandigoneke pabedi lomwelo n'kuthamangira nane kuchipatala, ine ndili kumbuyo kosaona msewu.
- Kuuza abusa. Angapemphere mokweza, n'kutchula maso onse awiri mpingo ukumva.

Pa chakudya chamadzulo ndatsegula pakamwa kuti ndinene. Zatuluka za mchere. Ndayesanso, zatuluka za mphaka wa a Phiri.

Loweruka

Tanyamukadi. Ndikulemba nditakhala pachigubu, pambali pa msewu, pafupi ndi Chongwe.

Podutsa m'tauni ndayamikira maloboti ofiira, ngolo ya zinyalala, basi yaikulu yobwera kumanja, galu, galu winanso. Pofika pamphambano ya ku bwalo la ndege mawu okometsera andithera, ndayamba kubwereza. Chilichonse changokhala "chokongola". Kunja kwa tauni malole akuthamanga ngati akuthawa moto, maso akuwawa posaphethira. Manenekela akadali kutali, ine ndatheratu.

Kenako a Tembo apatuka okha, paja amayi amagulitsa chimanga chootcha ndi nthochi. Azimitsa injini. Manja akadali pachiwongolero, ati:

"Amake Tisa, zaka zonse izi simunayamikirepo mbuzi. Olo suti yanga ya ukwati simunaiyamikire."

Ndati mbuzi ija inali ndi kukongola kwakekwake.

"Pa Chibili nenze naganiza ati ulendo wakukondwelesani, ndiye naopa kukamba. Pa Chinai munatembenuka pang'ono chabe, ine nasala mu mdima. Apo ndiye naziba ati motoka iyi niyendesa na menso yanu. Manje pa Manenekela mukayetsemula?"

Ndiye kuti za maso anazidziwa kalekale, kuyambira pa wilibala ija. Amaopa kundiuza chifukwa cha njovu zomwe anandilonjeza. Ine ndimaopa kuwauza chifukwa cha mpando wa pakhonde. Sabata yonse takhala tikubisirana chinthu chimodzi, pabedi limodzi.

Ndafunsa chifukwa chake tanyamukabe lero. Ati amangofuna kuti tituluke mu Lusaka, anthu a m'George asadzanene kuti kampa ya a Tembo sinaone tchire. Ndawakalipira kaye, chifukwa tikanafa nazo zonyadazo. Avomera. Kenako ndalira, kulira kwenikweni. Amayi a chimanga aganiza kuti tayambana, mmodzi wabwera kudzandipatsa nthochi n'kundiuza kuti ndipirire: "Shipikishani chabe mami, bamuna ndiye mwamene balili."

Mtima wanga wakhala m'malo, koyamba kuchokera tsiku lija anazula mipando.

Za katundu a Tembo aimbira dalaivala wina wa basi yaikulu ya ku Chipata, yemwe kale anali kondakitala wawo. Waima, wagwada powapatsa moni, wanyamula zonse: shuga, salaula, njinga, ngakhale chitseko. M'bale uja woima pamsewu ku Nyimba lero akagona kwawo.

Tayatsa mbaula, taphika tiyi, tatsegula katoni ya keke yophwanyika. Ukwati wathu unalibe keke, tinadya mabanzi. Iyi ndi yokoma ngakhale ili ndi chidindo cha akulu a mpingo. A Tembo athira tiyi pambali pa kapu, ayang'ana pansi, ati, "Apa palibe na tebulo yonamizila." Taseka mpaka amayi a chimanga asokonezeka.

Tigona pompano, kuseri kwa pomwetsera mafuta, mlonda walola. Dzuwa likamalowa makatani a zitenje zanga akuoneka bwino ndithu. Sindiwauza, kuyamikira kwandikwana sabata ino.

Lamulungu

Tchalitchi taphonya. Ndagona tulo tomwe sindinagone mwezi wonse, malole akudutsa osawamva.

Mkamwini wathu, mwamuna wa Tisa, wafika m'mawa pa minibasi kudzatiyendetsa. A Tembo amupatsa makiyi ndi manja awiri, pamodzi ndi ulaliki wautali wa giya yachiwiri. Kenako atsegula chitseko cha kumbuyo n'kukwera. Chikwatirane sindinawaonepo atakhala kumbuyo kwa galimoto. Zandipweteka, sindinama.

Tisa akuti awatengera kwa dokotala wa maso. Mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa. Mwina si ng'ala. A Tembo sanakane kupita.

Malo omwe taona pa ulendo wathu waukulu:

- kiliniki
- msika wa Soweto
- manda
- kuseri kwa pomwetsera mafuta pa Chongwe

Njovu: palibe.

Pakhomo tapeza amake Joyce akudikira. Akuti kampa ikufunika pa kicheni pati ya mphwawo, bedi likwana mkwatibwi ndi mphatso zake. A Tembo awauza kuti akambe ndi dalaivala watsopano. Anthu a pamzere abwera kudzafunsa za Chipata, tawauza kuti kum'mawa kuli bwino, mvula ili pafupi. Sitinaname, Chongwe ndi kum'mawa.

Kampa yabwerera pansi pa mapeyala. Ndakhala ndikuyang'anitsitsa mpando wa pakhonde masana onse. Pakhala mphaka wa a Phiri. A Tembo ali kunsi kwa galimoto, akumanga mongopapasa chinachake chomwe akuti mkamwini wamasula ndi kayendetsedwe kake, akudandaula mokweza. Ndasangalala kumva kudandaulako.

Chimodzi ndisaiwale. Pobwerera ndinakhala nawo pabedi kumbuyo, chete, popeza panalibenso chochenjeza. Titayenda kamtunda anati, "Amake Tisa, mwankhala zii. Kulibe mbuzi lelo?" Ndiye ndinayamba kuwauza zomwe zinalidi kunja: anthu akugalauza minda podikira mvula, ndege ikutsika, anyamata akukankha galimoto yakufa, mayi wina atavala chitenje chofanana ndi katani yathu ya kumanzere. Amamvetsera nkhope ili pawindo, n'kumafunsa mitundu yake. Sindinakometsere chilichonse, ndipo sindinasiye mpaka pageti.

Za ku Mfuwe akuti tidzapitabe, mkamwini akadzapeza tchuthi, ife awiri pabedi kumbuyo. Kaya ndi liti. Zidikire njovuzo, zinadikira kale. Ubwino wake ndi zazikulu, ngakhale a Tembo adzaziona.